Msika wa Pachaka Umayambira Kunyumba

Awa ndi mawu amene mlangizi wa achinyamata analankhula pa msonkhano wa makalabu ozungulira Ludzi, m'boma la Mchinji. Tawasindikiza kuti makalabu ena awerenge ndi kukambirana.



Mwandipempha kuti ndilankhule za kukonzekera kukagulitsa zinthu zopanga ndi manja pa zionetsero ndi pa misika imene imachitika kamodzi pachaka. Mwina wina akufunsa mumtima kuti, "Kodi malichero ndi mphasa zikukhudzana bwanji ndi Edzi?" Funso labwino. Mu 2008 ndi 2009 ku Zomba kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Atsikana ena a pasukulu ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi, ena ayi. Patapita chaka ndi theka, pakati pa olandira ndalama aja panapezeka atsikana ochepa amene anali ndi kachilombo ka HIV poyerekeza ndi anzawo aja. Chifukwa china chinali chakuti mtsikana amene ali ndi yakeyake ya sopo sathamangira chibwenzi ndi bambo wamkulu. Koma ofufuzawo atabwererako patapita zaka, ndalama zitasiya kubwera, anapeza kuti zabwino zambiri zija zinazilala. Ndalama yopatsidwa imatha. Luso la m'manja ndi lanu mpaka kale. N'chifukwa chake geni ya kalabu ndimaiwerengera ngati mbali imodzi ya nkhondo yolimbana ndi kachilomboka.

Koma ndikuchenjezeni. Geni yomweyo, mukapita nayo kumsika musanakonzeke, ikhoza kukuponyani m'dzenje limene mumalithawa. Mtsikana kapena mnyamata amene dzuwa lamulowera kutali ndi kwawo, katundu sanayende, m'thumba mulibe ya basi, amakhala m'manja mwa aliyense amene angatulutse ndalama. Choncho zonse zimene ndinene lero zikuloza pa mfundo imodzi: phindu lanu ndi chitetezo chanu zimakonzedwa kunyumba, miyezi ingapo tsiku la msika lisanafike.

Dziwani kalendala yanu

Ife a kuno tili ndi mwayi umene anzathu a maboma ena alibe. Tili pamsewu wa Lilongwe, ndipo chipata cha Mwami cholowera ku Chipata chili pafupi. Tiyeni tiwerenge nthawi zimene anthu amasonkhana ali ndi ndalama m'thumba.

Loweruka lomaliza la Febuluwale kumakhala Ncwala ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, kumene Angoni amasonkhana pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ku miyambo iwiriyi kumafika chinamtindi cha anthu, ndipo ambiri amafuna kubwerera ndi kanthu kokumbukira. Pamakhalanso zionetsero za ulimi zimene alangizi amakonza nyengo yokolola ikatha. Pa 1 Disembala timakumbukira za Edzi pa dziko lonse, ndipo pa tsikuli magulu amaika matebulo oonetsa ntchito zawo. Khirisimasi ikamayandikira, mipingo ndi sukulu zina mumzinda wa Lilongwe zimakonza masiku ogulitsa mphatso. Ku Chichiri mu Blantyre kumakhala chionetsero chachikulu cha zamalonda, koma kumeneko malo ndi odula, kalabu yaing'ono siingayambire pomwepo.

Musaiwalenso msika wa pakhomo pathu. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndalama zimayenda pa Kamwendo, pa Boma ndi m'misika ya m'midzi. Imeneyo ndiyo nthawi imene mayi amagula lichero latsopano lopetera chimanga, ndiponso nthawi ya maukwati, pamene anthu amafuna mphasa, madengu ndi zipande zokapereka. Mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya njala, munthu sangasiye ufa n'kugula chikwama chokongola.

Kalabu isankhe misika iwiri kapena itatu pachaka, osati yonse. Mukasankha, werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna kukagulitsa kumapeto kwa Ogasiti, katundu akhale atatha pakati pa mweziwo, ntchito iyambe mu Juni, zipangizo zisonkhanitsidwe mu Meyi. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Kalabu imene imayamba kusoka kutatsala sabata imodzi imakagulitsa manyazi.

Dziwani wogula wanu

Musapange chinthu chifukwa choti mumachidziwa kupanga basi. Yambani mwafunsa kuti adzagula ndani, nanga adzachinyamula bwanji. Mayi wa m'mudzi amayang'ana kulimba. Amalitembenuza lichero, amalipinda pang'ono, amaona ngati mkombero wamangidwa bwino. Munthu wa mutauni amene wabwera pa minibasi amafuna chinthu chaching'ono, chopepuka, cholowa m'chikwama: timadengu, mikanda, zikwama za chitenje, zipande zosema bwino, timphasa toika patebulo. Mtondo ndi wabwino, koma ndani angausenze kuchoka ku Mkaika mpaka ku Lusaka?

Ganizaninso za zinthu zimene nyengo ino ikufuna. Boma linaletsa majumbo apulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Zikwama zansalu ndi madengu ogulira zinthu ndi malonda amene ali ndi tsogolo. Nkhuni nazonso zikusowa, ndiye amene amadziwa kuumba akhoza kuphunzira mbaula zadothi zija timati Chitetezo, zimene zimadya nkhuni zochepa.

Ngati n'kotheka, chaka choyamba tumizani anthu awiri kukangoona. Akayende, akaone zimene zikuyenda malonda, akafunse mitengo, akafunse za chiphaso cha malo ogulitsira ndi amene amapereka. Safunsa anadya phula.

Ntchito yabwino imadzigulitsa yokha

Agogo athu amene amaluka ndi kuumba akadalipo m'midzimu. Pitani mukakhale nawo pansi, muwatengereko kashuga, akuphunzitseni. Adzakuuzani kuti nsungwi yanthete imafumbwa msanga, ndipo yoyenera ndi yokhwima, yodulidwa m'chilimwe. Adzakuuzani kuti bango liume bwino musanaling'ambe, apo ayi mphasa idzachita nkhungu. Mphika suumitsidwa padzuwa lamphamvu, umauma pang'onopang'ono pamthunzi. Ukawotchedwa, ugogodeni ndi chala. Wabwino umalira ngati belu, wosweka umalira mogonthagontha, ndipo woterowo usapite kumsika. Osoka, chapani chitenje musanachidule, chifukwa china chimafupika ndipo china chimasuluka. Msoko wa chogwirira chikwama ubwerezedwe kawiri, poti ndi pamene pamayambira kuthothoka.

Kalabu isankhe anthu awiri oyendera katundu. Ntchito yawo ikhale kukana chilichonse chosalongosoka, ngakhale chikhale cha wapampando. Zimawawa, koma wogula amene wanyamula dengu lomasuka sabweranso, ndipo amauza anzake.

Pa zipangizo, samalani ndi malamulo. Musalowe m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji kukadula mitengo kapena nsungwi popanda chilolezo cha a zankhalango. Musagwiritse ntchito minyanga, zikopa kapena mbali iliyonse ya nyama zotetezedwa. Lamulo la zanyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 30 m'ndende. Ndipo kalabu yanzeru imadzala nsungwi zakezake m'mbali mwa dimba.

Werengani musanatchule mtengo

Apa ndiye pamene magulu ambiri amagwera. Amagulitsa katundu yense, amabwerera akuimba, koma powerenga apeza kuti mpamba wadyeka. Tiyeni tichite masamu pamodzi. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu mukaike mitengo ya tsiku limenelo.

Tinene kuti chitenje mwagula pa K8,000 ndipo chatulutsa zikwama 4. Ndiye kuti nsalu ya chikwama chimodzi ndi K2,000. Zipi, ulusi ndi nsalu yam'kati, K1,000. Thukuta la wosoka, K1,500. Inde, thukuta liwerengedwe, si laulere. Tsopano ulendo: thiransipoti ya anthu ndi katundu kupita ndi kubwera, chakudya, pogona ndi chiphaso cha msika, zonse pamodzi K40,000. Ngati mwanyamula zikwama 40, chikwama chilichonse chasenza K1,000 ya ulendo. Kuphatikiza zonse, chikwama chimodzi chakudyerani K5,500. Mukagulitsa pa K5,000 mwaluza, ngakhale ndalama zikuoneka zambiri m'manja.

Choncho chinthu chilichonse chikhale ndi mitengo iwiri yolembedwa m'kope: mtengo wotchula, ndi mtengo wotsiriza umene simungatsikenso. Wogula adzanenerera, ndi khalidwe la msika, musakwiye naye. Koma akafika pa mtengo wotsiriza, mumwetulire n'kunena kuti, "Pepani bambo, pamenepa ndiye pothera." Kumbukiraninso kuti mitengo ya zipangizo siikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa pa mitengo yakale analephera kuodanso nsalu. Musanatchule mtengo, funsani kuti zipangizo zili pa bwanji lero.

Mpamba uchokere ku zopereka za mamembala kapena ku banki m'khonde. Katapila ayi. Ngongole imene ikukudikirani kunyumba ndi imene imachititsa munthu kuvomera zinthu zoipa kumsika.

Ndalama yobwerera

Tsopano ndafika pa mtima wa nkhani yanga, ndipo ndikupempha atsikana ndi anyamata omwe kuti mutchere khutu.

Ku miyambo ndi ku zionetsero sikupita ogula okhaokha. Kumapitanso mowa, magule a usiku, madalaivala, mavenda ndi zidyamakanda zimene zikudziwa bwino lomwe kuti pofika madzulo pali wina amene sanagulitse. Munthu wotere sabwera ndi nkhope ya fisi. Amabwera mwaulemu. Amati, "Mlongo, katundu yenseyu ndigula ine, koma ndalama ndasiya kumene ndikugona, tiye ukatenge." Wina amati, "Usavutike ndi za basi, ndikakutula ndi galimoto." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anyamata, inunso musadzione ngati muli kutali. Mnyamata amene wagwira ndalama zambiri koyamba, anzake n'kumukokera kumowa, amadzuka m'mawa ndalama za kalabu palibe, ndipo sakukumbuka kuti anagona ndi ndani.

Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 ali ndi HIV, ndipo amayi ndi amene ali ambiri kuposa abambo. Kachilombo sikaoneka pankhope, sikaoneka pa suti kapena pa galimoto.

Ndiye malamulo a ulendo ndi awa, ndipo ndikufuna alembedwe m'buku la kalabu iliyonse.

Loyamba, ndalama yobwerera ndi ya chakudya ikhale yokwana musananyamuke, ndipo isungidwe payokha. Isakhale ndalama yoyembekezera kuti "tikagulitsa tipeza." Aliyense akhale ndi yake, yomangidwa pamalo pake kapena yosungidwa mufoni ku Airtel Money kapena Mpamba. Mukawoloka malire, isintheni kukhala ya ku Zambia mukangofika. Ngati kalabu ilibe ndalama yobwerera, ulendo kulibe. Munthu amene ali ndi ya basi m'thumba amatha kunena kuti "ayi" mosanjenjemera.

Lachiwiri, pogona padziwike musanachoke. Lumikizanani ndi achibale, mpingo kapena kalabu ina ya kumeneko. Atsikana agone pamodzi ndi mayi wamkulu amene makolo akumudziwa.

Lachitatu, palibe kuyenda wekha. Kokatunga madzi, kokasintha ndalama, kokaperekeza katundu kwa wogula, muzipita awiriawiri. Malonda onse athere patebulo, masana, anthu akuona. Wogula weniweni amabweretsa ndalama pamene pali katundu.

Lachinayi, ogulitsa asamwe mowa mpaka atabwerera ndi kupereka ndalama kwa msungichuma.

Lachisanu, ana osakwana zaka 18 asapite ku maulendo ogonera popanda kholo, ndipo geni isajombetse munthu kusukulu. Boma lathu lino limadziwika ndi vuto la ana otengedwa kukagwira ntchito m'minda ya fodya ndi kukaweta ng'ombe kutsidya kwa malire. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu lilipo kuyambira 2015. Wina akakulonjezani ntchito yabwino kutsidyako, kauzeni a mfumu kapena apolisi musanayankhe.

Kudziletsa ndiye chitetezo choposa zonse. Amene muli pabanja, khulupirikani. Amene mukudziwa mumtima mwanu kuti simungathe kudziletsa, musadzinamize, nyamulani makondomu ndipo muwagwiritse ntchito moyenera nthawi zonse. Kuchipatala kulinso mankhwala otchedwa PrEP, amene munthu yemwe alibe kachilombo koma ali pachiopsezo amalandira kuti adziteteze. Kafunseni.

Zikavuta, wina wagwiriridwa kapena wagonana mosadziteteza, musabise. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amatha kuletsa kachilombo kukhazikika m'thupi, koma ayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Thamangirani kuchipatala chimene chili pafupi, osadikira kuti mufike kaye kwanu. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo kuno ku Malawi nambala ya 116 ndi yaulere. Wogwiriridwa alibe mlandu. Kalabu imugwire dzanja, osati kumunena.

Anzathu amene akumwa ma ARV

M'makalabu mwathu muli anzathu amene ali ndi kachilombo, ena anabadwa nako. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, tizilombo n'kuchepa mpaka kusaoneka poyeza, amakhala wathanzi ndipo sapatsira mnzake pogonana. Ameneyu ndi membala ngati wina aliyense. Aluke, asoke, agulitse, asunge chuma. Kachilombo sikayenda pa dengu, pa ndalama kapena pa mbale ya nsima.

Kwa inu anzanga amene mukumwa mankhwala, ulendo usakudumphitseni tsiku. Onani tsiku lanu lokatenga mankhwala lisanawombane ndi ulendo. Nyamulani okwanira ndi ena apadera a masiku angapo, poti galimoto imafa panjira. Asungeni m'chikwama chimene chili pathupi panu, osati m'thumba la katundu limene lakwezedwa pamwamba pa lole. Tengani ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Simukukakamizidwa kuulula kwa gulu lonse, koma ndi bwino munthu mmodzi amene mumamukhulupirira adziwe.

Pachipata ndi patebulo

Opita ku Zambia, dutsani pachipata, osati njira zachidule za m'tchire. M'njira zimenezo ndi mmene anthu amalandidwa katundu, ndipo atsikana amauzidwa kuti alipire ndi thupi. Kuyambira Disembala 2022, maofesi a Mchinji ndi Mwami anaphatikizidwa kuti munthu azionedwa malo amodzi. Palinso ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Atsogoleri apite kukadali nthawi akafunse za mapepala oyendera ndi za katundu amene mukufuna kudutsa naye. Polipira chilichonse, landirani lisiti. Ndipo musanyamulire munthu wosamudziwa phukusi, ngakhale akulonjezeni ndalama.

Miphika ndi mbaula muziike m'madengu ndi udzu wouma pakati. Tengani pepala lalikulu lapulasitiki lotchinga mvula ndi fumbi, nsalu yoyala, chingwe chopachikira zikwama, ndalama zing'onozing'ono za chenje, kope ndi cholembera. Fikani m'mamawa. Katundu asaunjikidwe ngati mbatata, aikidwe mooneka, wokongola kwambiri patsogolo. Mmodzi azilankhula ndi ogula, wina azilandira ndalama, wina azilemba. Imirirani, perekani moni, musakhale mukuseweretsa foni. Ngati mmodzi wa inu akuluka pomwepo, anthu amaima kuti aonerere, ndipo woima ndi amene amagula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mukabwerako

Pasanathe masiku atatu kalabu ikumane. Msungichuma awerenge ndalama pamaso pa onse. Yambani mwabweza mpamba, kenako patulani ndalama ya ulendo wotsatira, ndipo zotsalazo ndiye mugawane monga mwa malamulo anu. Ndikupemphani kuti muzipatulako kenakake kothandizira membala amene wadwala kapena mwana wamasiye amene wasowa makope. Lembani zimene zinayenda malonda, zimene zinatsala, ndi zimene ogula ankafunsa koma munalibe. Katundu wotsala si tsoka. Musamutaye pa mtengo wolira chifukwa choopa kubwerera naye. Dengu siliola, lidikira msika wina.

Ndipo tiyeni tipange chizolowezi choti kalabu yonse izikayezetsa magazi pamodzi, pachipatala chathu cha Ludzi pompano kapena cha pa Boma. Zotsatira ndi chinsinsi cha mwini wake, koma kupita pamodzi kumachotsa mantha.

Makolo ndi mafumu, ana awa akufuna kudya thukuta lawo. Athandizeni ndi malo ogwirira ntchito, aphunzitseni luso limene muli nalo, ndipo akamanyamuka afunseni mafunso atatu: mukupita ndi ndani, mukagona kuti, ya basi yobwerera ili kuti? Akalephera kuyankha limodzi mwa atatuwa, asapite.

Achinyamata, kalendala ija muyambe kuilemba lero lomwe musanabalalike.

Mafunso okambirana m'kalabu

1. Ndi misika iti iwiri imene kalabu yathu ingakwanitse chaka chino, ndipo ntchito iyambe mwezi uti?
2. Tengani chinthu chimodzi chimene mumapanga, muwerengere mtengo wake wonse. Kodi mwakhala mukupindula?
3. Chitani sewero: wogula akuuza mtsikana kuti akatenge ndalama kumene iye akugona. Mtsikanayo ayankhe bwanji, nanga anzake achitepo chiyani?
4. Kodi mnzathu akafuna PEP tili paulendo, tingamuthandize bwanji mwachangu ndi mosunga chinsinsi?